Timing belt ya galimoto yakale: musinthe nokha, mupite kwa makaniko wa mu dera, kapena ku galaja yaikulu?

Musanayambe kufunsa mitengo kapena kubwereka masipanala kwa aneba, dziwani kaye ngati galimoto yanuyo ili ndi timing belt nkomwe, lamba wa mano wa m'kati mwa injini. Zikumveka ngati zachibwana koma magalimoto ambiri amene adzaza mu Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu masiku ano alibe lambayu, amayendera tcheni. Vitz, Sienta, Passo, Probox, Ractis, Belta, Axio, zonsezi ndi tcheni. Honda Fit tcheni, Nissan Note ndi Tiida tcheni, Demio yoyambira 2002 kubwera kuno nayo tcheni. Ngati yanu ili m'gulu limeneli ndipo wina wakupatsani kotesheni ya timing belt, mufunseni akulozereni ndi chala pomwe pali lambayo, mwina akunena fanibeluti wakunja uja wozunguza alternator, umene ndi nkhani ina yotchipa kwambiri.

Amene nkhaniyi ikukukhudzani ndi inu a Corolla AE100 ndi AE110, Sprinter, Carina, mwachidule injini za 4A-FE, 5A-FE ndi 7A-FE. Starlet ya 4E, Raum yoyamba ija ya 5E, RAV4 yoyamba, Ipsum yoyamba ndi Noah yakale za 3S-FE, CR-V yoyamba ya B20B, Civic ya D15B, ma Subaru a injini ya EJ. Kumbali ya dizilo ndiye ambiri, minibasi ya Hiace ya 3L kapena 5L, Hilux ya 2KD ndi 1KD, Prado ya 1KZ, Land Cruiser ya 1HZ, Pajero ndi L200 za 4D56. Mukatsegula boneti nkuona kava ya pulasitiki yakuda kumapeto kwa injini, kuseri kwa malamba akunja aja, nthawi zambiri m'katimo muli lamba. Tcheni chimakhala m'kati mwa kava yachitsulo yomata bwino chifukwa chimasambira mu oyilo.

Ntchito ya lambayu ndi imodzi basi, kugwirizanitsa crankshaft pansi ndi camshaft pamwamba, crank ikazungulira kawiri cam izungulire kamodzi, kuti mavalavu atseguke pisitoni ili kutali ndipo atseke isanabwerere. Pa injini zina pisitoni ndi valavu zimagwiritsa ntchito malo amodzimodzi koma mosinthana nthawi, ngati amayi awiri akusinja mumtondo umodzi, uyu akamakweza musi winayo akutsitsa, mmodzi akangophonya kamodzi misi yagundana. Injini zoterezi amazitcha interference, ndipo lamba akaduka galimoto ikuyenda mavalavu amapindika pompo, nthawi zina mpaka silinda hedi kuwonongeka. Dizilo zonse ndatchulazi zili choncho, Honda zija nazo, Subaru zambiri nazonso. Pomwe 4A-FE, 5A-FE, 7A-FE ndi 3S-FE sizigundana, lamba akaduka injini imangozima ngati yatha mafuta, mukaika lamba wina nkuyaka ngati palibe chachitika. Ine ndimaona kuti kusiyana kumeneku ndiko kuyenera kukusankhirani njira, osati kulimba mtima kwanu kapena kuchepa kwa ndalama m'thumba.

Nanga nthawi yake ndi iti? Pa Toyota zakale zambiri ndi 100,000 km, pa 1KD ndi 2KD ndi 150,000 km, koma labala amakalamba ngakhale galimoto itangokhala pa yadi, ndiye opanga ambiri amaikanso malire a zaka, zomwe kawirikawiri zimakhala pakati pa 5 ndi 7 kapena kupitirirako pang'ono. Vuto lathu ndi loti magalimoto athuwa tinawagula atadutsa kale m'manja mwa anthu atatu anayi, buku la sevisi linasowa kalekale, ndipo maileji amene ali pa dashibodi sitingalumbirire kuti ndi enieni. Chomwe chimathandiza pa galimoto yochokera ku Japan ndi kasitika kamene magalaja akumeneko amamata pa kava ya lamba kapena penapake mu boneti akasintha, pamalembedwa makilomita ndi deti. Koma chenjerani ndi detilo, nthawi zambiri limakhala la kawerengedwe ka ku Japan. Mukaona H20 si 2020 ayi, ndi chaka cha 20 cha Heisei, mumaphatikiza 1988 ndiye mupeza 2008. H25 ndi 2013. Ikakhala R ndi Reiwa, R1 ndi 2019. Alipo amene amaona H22 nkumasangalala kuti lamba ndi wa dzana, pomwe anaikidwa 2010.

Pa dizilo za Toyota pali kagetsi kolembedwa T-BELT pa dashibodi. Kameneka sikaona lamba, kamangowerenga makilomita basi, ndipo munthu akhoza kukazimitsa osakhudza lamba nkomwe. Ndiye ngati mwagula Hilux kapena minibasi kagetsiko kali kozima, sizikutsimikizira kalikonse.

Njira yoyamba, imene anthu ambiri amasankha osadziwa kuti asankha, ndi kungoisiya. Galimoto ikuyenda, COF inadutsa, nanga tivutikirenji. Koma ku COF amaona mabuleki, magetsi, matayala, palibe amene amatsegula kava ya lamba, ndipo lambayu salira kapena kukuchenjezani ngati mabuleki akatha, amaduka tsiku lake basi. Pa Corolla ya 5A yongozungulira mu tauni, Area 25 kupita ku Old Town nkubwerera, ndikhoza kumvetsa munthu amene wati adikire malipiro a mwezi wamawa, choipa kwambiri chimene chingachitike ndi kukokedwa ndi chingwe mpaka kwa makaniko. Komatu ngakhale injini yosagundanayo ikazima mukutsika Chiweta kapena mukupitirira thiraki pa M1, pawa sitiyaringi imalimba nthawi yomweyo ndipo mabuleki amatsala ndi mphamvu yopondera kawiri katatu. Pa dizilo kapena Honda, kudikira ndi juga yoti mukaluza mwaluza injini. Mutha kumasula kava yapamwamba nkusuzumira, mukaona ming'alu kumsana kwa lamba, kapena wanyowa oyilo, kapena m'mbali mwayamba kutuluka ulusi, musayendenso ulendo wautali. Akaoneka bwino sikuti ali bwino, mano amatha kusosoka pansi pomwe diso silikufika.

Tsopano njira yachiwiri, yosintha nokha. Ubwino wake aliyense amathamangira kunena za leba, koma kunena zoona leba kwathu kuno si yodula poyerekeza ndi masipeya, ndiye ngati mukufuna kupulumutsa ndalama yokha mwina mukhumudwa, makamaka mukawerengera zida zoti mugule. Phindu lenileni ndi loti mukudziwa chimene chalowa mu injini yanu, palibe wokuthamangitsani, bauti iliyonse mwaimanga nokha. Zida zake: masoketi kuyambira 10 mpaka 19 kapena kuposerapo malinga ndi injini, chogwirira chachitali cholimba ndi paipi yowonjezera, jeke, zoimikira galimoto zachitsulo, tochi, tipeksi, ndi torque wrench (sipanala yoyeza mphamvu yomangira bauti) yomwe ambiri tilibe koma itha kubwerekeka. Njerwa zowotcha si zoimikira galimoto chonde, zimaphwanyika osachenjeza inu mutu uli mu mudguard.

Titenge 5A-FE poti ndi imene ndingalimbikitse munthu woyamba kuphunzirirapo. Mumachotsa waya wa batire, kukweza galimoto, kuchotsa tayala lakutsogolo lakumanja ndi kapulasitiki kam'kati, kumasula malamba akunja, kuchotsa mapulagi kuti injini izitembenuka mofewa ndi dzanja, kuchotsa kava ya mavalavu pamwamba. Lamba amazungulira mounting ya injini ndiye iyenera kumasulidwa, kutanthauza kuti injini muigwirizize ndi jeke pansi, mutaika thabwa pakati kuti sampu isabooke kapena kuphwanyika. Kenako mumatembenuza crank mpaka kamphako ka pa pule kaloze pa 0, nkuona kabowo ka pa giya ya cam ngati kakuyang'anizana ndi maki ili kuseri kwake. Ngati sikakuoneka, zungulizani kamodzi kena kathunthu. Apa jambulani zithunzi ndi foni, zambiri, mbali zonse, mudzazifuna madzulo mutatopa mukudzifunsa kuti kawaya aka kanali kuti.

Pomwe anthu ambiri amagonjera ndi pa bauti ya pule ya crank. Imamangidwa mopitirira 100 Nm ndipo ikakhala zaka zambiri osakhudzidwa imachita ngati anaiwotcherera, mukamakoka injini yonse imangozungulira nayo. Ikakhala ya manyuwo mumaika giya yapamwamba wina nkuponda buleki, koma zathu zambiri za ku Japan ndi otomatiki, njira imeneyo siigwira. Amakaniko ambiri amatsamiritsa chogwirira chachitali pa chesisi kapena pansi nkugunda sitata kamodzi, bauti imamasuka inde, koma chitsulocho chikaterereka chimaswa chilichonse chili pafupi kuphatikizapo mwendo, komanso muyenera kuonetsetsa kuti injini singayake. Pa Honda za D15B ndi B20B musayerekeze nkomwe, injini zimenezi zimazungulira chobwerera, ndiye sitata imangoimangitsa bautiyo. Njira yaulemu pa Toyota ndi kupita kwa wowotcherera akupangireni chitsulo chachitali chokhala ndi mabowo awiri ogwirizana ndi mabowo a mazinga amene ali pa pule, mumachimanga ndi mabauti awiri nkuchitsamiritsa pansi. Chitsulo chomwecho chidzakuthandizani pomanga, poti kumasula ndi sitata nkotheka koma kumanga ndi sitata kulibe, ndipo apa ndi pomwe ambiri amangomanga mwa mphamvu za mkono nkumati zakwana, miyezi ingapo pule yayamba kugwedera yadya key ya crank. Pule ikakanirira pa shafti musaimenye ndi hamala, ili ndi labala pakati amene amatha kulekana, bwerekani puller, chida chosololera pule.

Mukafika pa lamba penipeni ntchito yake ndi yaifupi modabwitsa. Lembani ndi tipeksi pa lamba wakale ndi pa magiya onse, dzino ndi mpata wake, mukamuchotsa muwerenge mano nkusamutsira mamakiwo pa lamba watsopano, izi zimakupatsani umboni wachiwiri pambali pa mamaki a fakitale. Lamba watsopano musamupinde mwamphamvu, musamukankhe ndi sikuludiraiva, asakhudze oyilo. Tenshona (kabering'i kokankha lamba kuti akhale wolimba) ya 5A ndi ya sipuling'i, mumamasula bauti yake sipuling'i ikoke yokha, mutembenuze injini, kenako mumange. Osaonjezera mphamvu ndi chitsulo ati kuti alimbe bwino, lamba wokokedwa kwambiri amalira ngati mluzu ndipo amapha mabering'i. Kawashala kopindika kamene kamakhala kutsogolo kwa giya ya crank kabwerere momwe kanaliri, mbali yofukula iyang'ane kunja, mukakatembenuza kamadya m'mphepete mwa lamba.

Ndiye chinthu chimene sindinyengerera kaya mwagwira nokha kaya wagwira makaniko wa zaka makumi atatu pa ntchito: musanakhudze kiyi, tembenuzani crank ndi dzanja maulendo awiri athunthu kulowera komwe injini imazungulira, nkuonanso mamaki onse. Ikalimba penapake ngati yagunda chinthu, imani, musakakamize, chitsulo chakumana ndi chitsulo. Dzanja limamva nkusiya, sitata siimva. Mukaphonya dzino limodzi lokha injini itha kuyaka ndithu koma mphamvu palibe, mafuta ikumwa, pa dizilo utsi ndi kuvuta kuyaka m'mawa, ndiye mumasule zonse kachiwiri.

Kwa munthu woyamba ntchito imeneyi pa Corolla ndi ya Loweruka lonse, ndipo yambani m'mawa mashopu a masipeya ali otsegula chifukwa pali kanthu kamene mudzapeze kathyoka kapena sikakukwana. Ngati galimotoyo ndi yomwe ikupititsa ana kusukulu Lolemba, kapena ndi takisi yomwe ikudyetsa banja, ganizirani kawiri.

Chodabwitsa nchakuti 1KZ, 1KD ndi 2KD, ngakhale zili injini zodula, lamba wake ndi wosavuta kuposa wa Corolla. Ndi wamfupi, amachoka pa pampu ya dizilo kupita pa cam basi, zapansizo ndi magiya achitsulo, ndiye simulimbana ndi bauti ya crank ija. Kava yake imatseguka mosavuta kutsogolo kwa injini. Chosamala ndi tenshona yake ya hayidiroliki, yatsopano imabwera ndi kapini komwe mumasolola pomaliza penipeni, ndipo ngati mukubwezera yakale muyenera kuifinya pang'onopang'ono pa vaisi, osati kamodzi nkamodzi, nkuitsekera ndi kapini. Ine pa injini zimenezi ndingangogula yatsopano. Munthu wodekha wodziwa kuwerenga mamaki angathe, kungoti mukalakwitsa apa mtengo wake ndi waukulu kwambiri.

Zomwe sindingalangize munthu kuphunzirirapo: 3L ndi 5L, lamba wamtali wozunguza cam ndi pampu ya dizilo, mamaki atatu onse ayenera kugwirizana. 4D56 ya Pajero ndi L200 ili ndi malamba awiri, wamkulu ndi kena kakang'ono ka balance shaft kuseri, ndipo kakang'onoko kakaduka kamalowerera mwa wamkulu nkumudumphitsa mano, ndiye amene amasintha wamkulu yekha nkusiya kakang'ono sanagwire ntchito. Subaru ya macam anayi ndiye ina, lamba wautali wokhotakhota pa mabering'i angapo, mukangomuchotsa macam a mbali imodzi amadumpha okha ndi mphamvu ya masipuling'i a mavalavu. 3S-FE siigundana mavalavu koma malo ndi opanikiza, pa RAV4 manja amatuluka ali zilonda zokhazokha.

Njira yachitatu ndi makaniko wa mu dera, wa pansi pa mtengo kapena wa kagalaja kamalata ku Biwi, ku Ndirande, ku Limbe. Anthu amakonda kuwanyoza koma tinene chilungamo, pali madala ena amene amasula 5A ndi 3L kambirimbiri moti mamaki amawadziwa ndi kukhudza kokha, m'mawa umodzi wamaliza inu mukadali pa bauti ya crank. Pa injini zakale za Toyota amenewa nthawi zina amaposa mnyamata wa ku galaja yaikulu amene anazolowera magalimoto atsopano okhaokha. Vuto silikhala luso, limakhala pa zinthu zitatu zomwe zimabwerezabwereza: masipeya akagule iye, torque wrench palibe, ndipo ntchito yanu ikugwiridwa pamodzi ndi magalimoto ena anayi, pomaliza amamanga ndi mwana wophunzira ntchito bwana wake atapita kukaona minibasi yafera ku depoti. Mukamupatsa ndalama yonse kuti agule yekha, mwamuika pa mayesero, lamba wotchipa ndi wodula akakhala m'kati mwa kava amaoneka chimodzimodzi.

Palinso mawu aja akuti "bwana tenshona ili bhobho iyi, tingosintha lamba yekha". Amanena ndi mtima wabwino, akufuna kukupulumutsirani ndalama, koma bering'i imene yayenda 100,000 km mukuipempha iyendenso ina 100,000. Malamba ambiri amene amati aduka sanadzidukire okha, ndi bering'i ya tenshona kapena idler (bering'i yongotsogolera lamba) imene inagwira, kapena wotapampu, kapena oyilo wodontha pa seal ya cam kapena ya crank amene anafewetsa labala. Itengeni bering'i yakaleyo m'manja muizunguze pafupi ndi khutu, ikamalira mwa mchenga kapena ikamazungulira mopepuka kwambiri osaima msanga, girizi anauma. Ine ngakhale ili chete ndimasintha. Za wotapampu zimatengera injini, pa 3S-FE, Honda zija ndi Subaru imazunguzidwa ndi timing belt yemweyo ndiye sinthani limodzi, ikadzafa payokha mudzalipira ntchito yonseyi kachiwiri. Pa 4A ndi 5A imayendera lamba wakunja, ngati siikudontha ndipo siikugwedera itha kudikira. Mukasintha pampu ikani coolant weniweni, madzi a pa mpopi okhaokha ndi amene amadya mapampu ndi dzimbiri.

Mukandifunsa ine, kwa anthu ambiri njira yabwino ili pakati pa ziwirizi: masipeya mugule nokha, mupeze makaniko amene injini yanuyo ndi chakudya chake cha tsiku ndi tsiku, mugwirizane za leba yokha, ndipo tsikulo mukhalepo. Osati kumuima pamsana ngati wapolisi, ingokhalani pafupi, mugule ka Fanta, muzifunsa mwaulemu, "amisiri tandionetseniko mamaki aja musanatseke kava", "tiitembenuze kaye ndi dzanja eti". Makaniko wabwino sakwiya nazo, amakondwa kuonetsa luso lake. Wokwiya ndi funso limeneli wakuuzani kale zambiri. Zakale zonse zimene zachotsedwa azikupatsani m'manja. Posankha munthu funsani madalaivala a minibasi kapena a takisi amene ali ndi injini ngati yanu, iwowa galimoto ikagona tsiku limodzi ataya ndalama ndiye amadziwa amene amagwira ntchito yosabwerera. Choti mudziwe nchakuti mukabweretsa masipeya anu, chikalakwika makaniko adzaloza sipeya, wa shopu adzaloza makaniko, ndiye sungani lisiti ndi mabokosi.

Galaja yaikulu kapena dila ndi njira yodula kuposa zonse, palibe chobisa. Chimene mukugula kumeneko ndi masipeya odziwika gwero lake, zida zoyenera, buku la fakitale lokhala ndi manambala a kamangidwe ka bauti iliyonse, ndi pepala loti chikavuta muli ndi pobwerera. Pa Hilux ya 1KD, Prado, Land Cruiser, galimoto yoti injini yake yokha ndi mtengo wa Corolla yathunthu, ine ndimaona kuti ndalamayo ndi yomveka, makamaka ngati mumayenda maulendo a kutali kumidzi komwe bulekidauni singakupezeni msanga. Pa Starlet ya 1997 kotesheni yake itha kukhala gawo lalikulu la mtengo wa galimotoyo, komanso modelo zina za ku Japan sizinagulitsidwepo zatsopano kuno ndiye sipeya amachita kuitanitsa, mudikire milungu. Pakati apa pali magalaja apakatikati oima paokha, ena ndi abwino zedi, ena ndi pansi pa mtengo pomwe pamangidwa mpanda ndi risepushoni. Afunseni akulembereni pa kotesheni dzina la kampani yopanga sipeya iliyonse, osati kungoti "timing kit". Akamazemba funso limeneli pitani kwina.

Nkhani ya masipeya ndi imene ndimaiona yaikulu kuposa ya manja a munthu. Pitani ku shopu ndi chesisi nambala ndi dzina la injini, osati kungoti lamba wa Corolla, ma Corolla alipo ambirimbiri ndipo lamba wa 7A si wa 5A. Malamba enieni a Toyota nambala yake imayamba ndi 13568. Koma sikuti mpaka bokosi la Toyota, makampani ngati Gates, Mitsuboshi, Bando, Dayco ndi Continental amapanga malamba odalirika, Aisin amapanga mapampu, Koyo, NSK ndi NTN mabering'i, NOK ma seal, ndipo ambiri mwa amenewa ndi omwe amagulitsa ku mafakitale a magalimoto. Mutu umawawa chifukwa mabokosi onsewa ali ndi feki zake. Mukalowa mashopu a mu Malangalanga kapena ku Limbe mupeza lamba wa injini imodzi pa mitengo itatu yosiyana kwambiri, ndipo wa shopu woona mtima amakuuzani yekha kuti uyu ndi orijino uyu ndi wongoyendera. Bokosi lolembedwa dzina lalikulu koma mtengo wa pansi kuposa onse, limenelo ndi lomwe ndimaliopa kuposa lopanda dzina. Yang'anani zilembo za pamsana pa lamba ngati zili zooneka bwino zosafufutika ndi chala, m'mbali modulidwa mosalala, ndipo muyerekeze ndi wakale: kuchuluka kwa mano, mulifupi, ndi kaumbidwe ka dzino, ena ndi ozungulira ena ndi a makona, mukasakaniza amalowa ndithu koma sakhalitsa.

Mitengo sindilemba poti chichokereni kugwa kwa kwacha kwa 44% mu November 2023 mtengo wa sipeya umasintha musanamalize kusonkha ndalama yake. Amene muli ndi m'bale ku Johannesburg kapena mnzanu wopita ku Dar es Salaam, kiti yathunthu ya kampani yodziwika imakwana mu chikwama cha m'manja, ingomutumizirani manambala enieni ndi chithunzi, chifukwa ikabwera yolakwika kubweza kulibe. Lamba wa kaunjika wochotsedwa pa injini ina, ngakhale akuoneka watsopano bwanji, ayi. Zinthu zina za pa hafukati (galimoto yodulidwa pakati yochotsapo masipeya) ndi zabwino kuposa zatsopano za feki, malaiti, zitseko, ngakhale sitata, koma labala amene simukudziwa zaka zake ayi ndithu.

Kwa amene mwawerenga izi mochedwa lamba waduka kale: musalimbane ndi sitata kuyesa kuiyatsa, mukamva injini ikuzungulira mopepuka ndi mwachangu kuposa masiku onse siyani kiyi. Pa 5A kapena 3S ikani lamba wina ndi zonse tatchula zija, mwapulumuka. Pa injini yogundana pali njira ziwiri, kutsitsa silinda hedi nkusintha mavalavu opindika, kapena kugula injini ina yathunthu. Musanasankhe uzani makaniko aone kaye kukula kwa ngozi, ena amaika lamba nkuyeza kompuresheni, ena amatsegula pamwamba, pa 4D56 kawirikawiri amathyoka ndi ma rocker arm ndipo nthawi zina zimathera pomwepo. Ngati mapisitoni ali bwino ndipo injini sinali kudya oyilo, kukonza hedi kumatchipa ndipo mukutsala ndi injini yomwe mbiri yake mukuidziwa. Ngati inali yotopa kale ikufuka utsi, injini ina ndi yanzeru. Koma injini yochokera ku Japan kapena ku Dubai nayo imabwera ndi lamba wake wakale amene wakhala mu kontena ndi mu yadi kwa nthawi yosadziwika, ndiye musinthe lamba, tenshona ndi ma seal injiniyo idakali pansi isanakwezedwe mu galimoto, pamenepo chilichonse chili poyera, palibe mounting yotchinga, ndipo flywheel ili panja mutha kuigwira ndi chitsulo pomasula bauti ya crank ija.